Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chipinda cha Mdulidwe wa Abambo



Mu 2007, bungwe la WHO lidavomereza mdulidwe wa kuchipatala ngati njira yopewera HIV. Kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda adaonetsa kuti chiopsezo choti bambo atenge kachilomboka kwa mayi chimatsika ndi pafupifupi 60 peresenti. Komabe m'zipatala zambiri mabenchi amadzaza ndi anyamata, abambo akuluakulu akudutsa patali.

Abambowa moyo amaufuna. Afunseni, mumve. Wakabaza akuti, "Njinga ikakhala m'nyumba, ana adya chiyani?" Mlimi sangalole bala m'dzinja khasu lili m'manja; amadikira June kapena July, atakolola, kunja kukuzizira. Bambo wandevu zake sangaime pamzere umodzi ndi mwana wa mng'ono wake. Wina amafuna dokotala wamwamuna. Wokwatira akulingalira za masabata 6 osakhalira malo amodzi ndi akunyumba, ndipo akufuna mayiwo adzimvere okha kwa anamwino, kuti m'banja musabuke kukayikirana.

Choncho inu a zaumoyo, ndikupempheni: konzani ntchitoyi momwe eniakewo akufunira. Tsegulani Loweruka ndi madzulo. Patulani tsiku la akuluakulu okha. Khomo lawo lisayang'ane kusikelo ya ana. Longosolani njira zonse, ya opaleshoni ndi ya ShangRing pomwe ilipo, munthu asankhe yekha. Musabise kanthu: bala limawawa masiku oyamba, ndipo akachira kondomu asaisiye. Kumene kuli jando, khalani pansi ndi angaliba ndi anakanga, mwambo usungike, ana athu atetezeke.

Amayi, nkhaniyi ndi yanunso, chifukwa mdulidwe umachepetsa kufala kwa kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikutha amayi ambiri m'dziko muno.

Mafumu anga, langizani koma musakakamize munthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bambo akabwera mwa kufuna kwake n'kulandiridwa mwaulemu, mawa adzakoka mnzake.

Ndi mawu amenewa, ndatsegulira chipinda chino.