LIU LAKUTI "MANJENJE" NDI M'MENE TIMALIGWIRITSIRA NTCHITO

Ndapempha kanthaŵi kochepa kuti tikambirane za liu limodzi la chinenero chathu, limene tonse timalitchula koma ndi oŵerengeka amene amaima n'kuliganizira. Liuli ndi lakuti manjenje.

Liuli ndi pachibale ndi mneni wakuti kunjenjemera, koma si kunjenjemera kulikonse kumene kuli manjenje ai. Munthu wogwidwa ndi chisanu cha mwezi wa June amanjenjemera, koma akaotha moto zimatha. Wamalungo nayenso amanjenjemera mpaka mano kuombana, koma akalandira mankhwala amachira. Manjenje enieni ndi aja okhalitsa, pamene dzanja, mutu kapena chibwano chimagwedezeka chokha mwiniwake asanachitume, ndipo ngakhale achiletse sichimva.

Oŵerenga Buku Lopatulika, lija linatuluka m'chaka cha 1922, akumbukira kuti liu lomweli ndilo linagwiritsidwa ntchito pa nthenda ya munthu uja anzake anai anamtsitsira padenga ku Kapernao. Komatu iyeyo anali wofa ziwalo, wosatha kuyenda. Apa omasulira analitambasula liuli mpaka kufika pamene ife kumudzi sitifikitsa. Nafenso timalitambasula mwa njira yathu, pakuti za mboni imene yasoŵa chonena pabwalo la milandu timati yagwidwa manjenje, pamene tikungotanthauza mantha.

Vuto limabwera tikamaganiza kuti manjenje ali ndi gwero limodzi lokha. Pa ofesi ina imene ndinagwirako ntchito ndili mnyamata panali mesenjala wachikulire amene dzanja lake linayamba kunjenjemera. Ife tonse, ine ndemwe, tinagamula kuti bamboyo wayamba kachasu. Tinkamseka, ndipo akulu a pa ofesipo anamchenjeza kaŵiri konse. Patapita chaka anapuma ntchito ali wamanyazi, ndipo m'pamene tinamva kwa mwana wake kuti kuchipatala anampeza ndi nthenda ya Parkinson. Moŵa sankaulaŵa n'komwe. Mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi nkhope yanga imagwa.

Nthendayi inatenga dzina la dokotala wa ku London, James Parkinson, amene anailongosola m'chaka cha 1817. Imadza pamene tizigawo tina ta muubongo, timene timapanga madzi otchedwa dopamine, tayamba kufa. Chizindikiro chake n'chakuti dzanja limanjenjemera kwambiri likakhala chete pabondo, ndipo limayamba ladekha munthu akatambasula kuti atenge chinthu. Mayendedwe amachedwa, nkhope imauma, zolemba zimachepa. Katswiri wa nkhonya uja, Muhammad Ali, anampeza nayo m'chaka cha 1984, ndipo mu 1996 dziko lonse linamuona akuyatsa muuni wa maseŵera a Olympic ku Atlanta thupi likunjenjemera. Palinso manjenje ena oyenda m'magazi a pabanja, amene amaoneka makamaka munthu akanyamula kapu kapena cholembera. N'zoona kuti chidakwa chimene chagona osamwa chimadzuka manja akunjenjemera, koma amenewo ndi mtundu umodzi chabe pakati pa mitundu yambiri.

Tsono pali kugwedezeka kwina kwakung'ono kumene sitikutcha manjenje, monga chikope chikamagwedezeka chokha. Agogo athu ena amati chikakhala cham'munsi ndiye kuti ukhetsa misozi, chikakhala cham'mwamba uona mlendo kapena zabwino. Ine sindilimbana ndi agogo, koma madokotala amati kaŵirikaŵiri gwero lake ndi kutopa, kusoŵa tulo, nkhaŵa, ndiponso kumwa khofi kapena tiyi wambiri, ndipo zimatha zokha pa masiku oŵerengeka. Inu a m'maofesi amene mumachezera ndi mafailo, yambani mwagona musanayambe kufunsa za maliro kumudzi.

Ndimalize ndi ana, ndipo aphunzitsi amene muli pano mundimvetse. Alipo ana amene amaphethiraphethira, kukoka mapewa, kugwedeza mutu kapena kutulutsa kaphokoso kukhosi mosalekeza. Chinenero chathu chilibe liu limodzi lodziŵika ponseponse la zimenezi, nchifukwa chake timathamangira kunena kuti ndi mwano kapena chizoloŵezi choipa. Dokotala wa ku Paris, Gilles de la Tourette, analemba za mtundu wake waukulu m'chaka cha 1885. Mwana wotere angathe kudzigwira kwa kanthaŵi, monga munthu amagwirira chifuwa m'tchalitchi, koma pambuyo pake zimatuluka ndithu. Mukamkalipira pamaso pa anzake zimakula, chifukwa nkhaŵa ndiyo nkhuni zake. Si khunyu, pakuti mwanayo sakomoka, ndipo sizipatsirana. Mwa ana ambiri zimachepa akamafika zaka 18 kapena 20. Zikamsokoneza maphunziro, itanani makolo mukambirane zopita naye kuchipatala.