Ulendo wa ku Manda a ku Chikumbi

Lero tinyamukira pa Matero, tilowe mseu waukulu wa ku Kabwe, kenaka tipatukire ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Si kutali ai, koma ambiri a inu simunapondeko.

Pamalo amenewa panali msasa wochedwa Freedom Camp. M'zaka za nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe, dziko lathu linalandira anthu a cipani ca ZAPU, cotsogozedwa ndi a Joshua Nkomo, ndipo ena a iwo anali kukhala pamsasawo. M'mawa wa pa 19 Okutobala 1978, ndege za nkhondo za boma la Ian Smith zinaoloka Zambezi ndi kuponya mabomba pamsasa. Woyendetsa ndege wina, wodzicha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi anchito a pabwalo la ndege la Lusaka, nawalamula kuti ndege za Zambia zisayese kuuluka. Tangoganizani, mlendo kulamula mwini mudzi pakhomo pake! Anthu oposa mazana awiri anafa, ndipo ovulala anadzaza cipatala cacikulu ca UTH. Tsiku lomwelo adaniwo anathiranso nkhondo msasa wa atsikana ku Mkushi.

Aphunzitsi, ana akafunsa cimene cinautsa zimenezi, musawabisire. Pa 3 Sepitembala caka comweco, asilikali a ZAPU anagwetsa ndege ya anthu apaulendo itangonyamuka ku Kariba. Anthu 38 anafera m'ndegemo, ndipo 10 mwa opulumuka anaomberedwa ndi mfuti pansi. Boma la Smith linati ku Chikumbi linakantha asilikali. A Nkomo anati ofawo anali othawa nkhondo opanda zida. Amai olira ana ao analipo mbali zonse ziwiri.

Mukafika, mudzaona cipilala ca cikumbutso ndi manda. Manda ake si monga a kumudzi kwanu, kumene munthu aliyense ali ndi mtumbira wake. Kuno anthu ambiri anagonekedwa pamodzi, kutali ndi kwao, popanda amalume kapena azakhali owaperekeza. Cifukwa cake muyende monga muyendera pamaliro: osathamanga, osaseka, osakhalira manda. Ndipo mukaona kacitsulo kacilendo m'thengo, musatole; itanani aphunzitsi, pakuti paja pamene panagwa mabomba pangatsale zoopsa.

Nchito yanu musanapite ndi iyi. Ku George, ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere alipo agogo amene anali acinyamata mu 1978. Mukagwade, muwafunse mwaulemu kuti anali kuti tsikulo, anamva ciani, ndipo anaona ciani m'miseu ya ku cipatala. Mulembe mau ao m'kabuku monga momwe anenera, osakonza. Kabukuko mukapite nako ku Chikumbi, ndipo aphunzitsi adzasankha awiri kapena atatu kuti akawerenge pafupi ndi manda.