Mtedza, Nyemba ndi Nandolo: Tidziŵe Nthaŵi Yake ya Maluŵa

 Tapatsidwa kanthaŵi kuti tikambe za mbeu zimene ife amayi timasamala: mtedza, nyemba ndi nandolo. Ndiwo zathu ndi zimenezi, ndalama ya sopo ndi mchere imachokeranso momwemo. Koma ambirife timayamba tatha za chimanga, ndipo mbeu izi timabzala mochedwa. Chaka chatha enafe tinabzala mtedza mu Januwale, ndipo tinakumba makoko opanda kanthu.

Tiyambe ndi mtedza. Umachita maluŵa achikasu patapita masiku 30 mpaka 40 chibzalire. Duŵa likafota, pamatuluka kamsonga koloŵa pansi, ndipo mtedza umabereka kunsonga kwake. Chifukwa chake tipalire ndi kubandira msanga. Timisonga tikayamba kuloŵa, khasu lisafikenso pafupi, udzu tizizula ndi manja. Mtedza wa Chalimbana ndi wa CG7 umafuna miyezi inayi ndi theka kapena isanu. Tikabzala ndi mvula yoyamba, umakhwima nthaka ikadali ndi chinyontho. Tikachedwa, mvula imatha usanalimbe, ndiponso nsabwe zimaubweretsera matenda a kadukutu.

Nyemba zimachita maluŵa pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Maluŵa ake sapirira. Kukatentha kwambiri kapena kukachita ng'amba, amayoyoka. Ndiye chifukwa chake anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje amabzalanso nyemba mu Febuluwale kapena Malichi, chimanga chili pafupi kukhwima, kuti zichite maluŵa kunja kutayamba kuzizira.

Nandolo ali ndi khalidwe lina. Iye saŵerenga masiku okha ai, amayang'ananso kutalika kwa usana. Kuno kwathu usana wa mu Disembala ndi pafupifupi maola 13, koma wa mu Juni umangopitirira pang'ono maola 11. Nandolo wamakolo amadikira kuti usana ufupike, ndipo pamenepo ndiye amachita maluŵa, nthaŵi yachisanu. Tikambzala mochedwa sadikira kuti akule. Nyengo yake ikakwana amachita maluŵa ali wamfupi, nthambi zili zochepa, ndipo zokolola zimachepa. Kotero timbzale pamodzi ndi chimanga. Amakula pang'onopang'ono, salimbana nacho.

Kumene mbuzi zimamasulidwa anthu akangokolola chimanga, nandolo wochedwa amathera m'kamwa mwa ziŵeto. Kumeneko tifune mbeu yocha msanga monga Mthaŵajuni, ndipo tikambirane ndi mafumu athu za nthaŵi yomasulira mbuzi.

Amayi, pempho lathu ndi ili. Tisankhiretu mbeu mvula isanagwe. Tsiku limene tabzala tilembe pakalendala, kuti tidziŵe sabata yoyembekeza maluŵa ndi yoleka khasu. Tikauzenso abambo kunyumba kuti mizere ya mtedza ikonzedwe pamodzi ndi ya chimanga. Nsima yopanda ndiwo ana sakhuta nayo.