Za Dzimbiri ndi Malata: Mau Olalikidwa ku Michesi

Mateyu 6:19-21

M'mau amene tawerengawa dzimbiri laikidwa pa mzere umodzi ndi mbala. Mbala tiidziwa, pakuti ikadza usiku agaru auwa. Koma dzimbiri lidza cete, ndipo lifuna zinthu ziwiri zokha, madzi ndi mpweya. Ndi ife okhala patsinde pa Michesi tiri nazo zocuruka. Napolo wa m'Marichi 1991 anagumula midzi tsiku limodzi, dziko lonse nilimva. Makasu, njinga ndi matsindwi amene dzimbiri lawadya kuyambira caka cimeneco, palibe munthu anawalira maliro.

Tisaliyese coipa cokhacokha. Katondo amene tiumba naye njerwa afiira cifukwa citsulo ca m'nthaka cinacita dzimbiri kalekale. Ndipo pa mpata wa pakati pa phiri lino ndi Mulanje, pamene anamanga Fort Lister m'caka ca 1893 kutseka njira ya ogulitsa anthu, kodi alipo wodandaula kuti maunyolo a masiku aja anadyeka? Iai, pamenepo dzimbiri linagwira nchito yabwino.

Tsono kwezani maso, mupenye tsindwi la nyumba ino. Malata ndiwo citsulo, koma osula anawabviika m'cinthu cina cosungunuka, dzina lace zinki. Ambiri ayesa kuti zinki ndi cobvala cabe cocinga mvula. Si kutero kokha. Zinki afulumira kudyeka koposa citsulo; cotero pamene msomali waboola, kapena mwala wa mwana wakanda, citsulo nicikhala poyera, madzi ayamba kudya zinki wa m'mbali mwa balalo, citsulo nicipulumuka. Zinki atha kuti citsulo cikhale. Aphunzitsi, uzani ana m'sukulu zanu cinthu ici, pakuti adzamva naco msanga za Iye amene anadzipereka m'malo mwathu, pa bala lathu penipeni, pamene tinalibe cotiphimba.

Koma fanizo liri ndi malekezero ace. Cifundo ca Kristu sicitha. Zinki ndiye wopyapyala, ndipo zaka zikapita aperewera. Pamenepo muona madontho ofiira pozungulira misomali, ndi mizere yotsika nayo mvula. Munthu wakuona izi nanena, Tidzakonza caka ca mawa, adzagula malata atsopano, kumene akadagula utoto wokha. Momwemonso cidani ca pa malire a munda ciyamba ngati kadontho, ndipo tidziwa mabanja a mu mpingo uno amene saperekana moni cifukwa ca mzere umodzi wa cimanga.

Madontho otere aoneka kale pa tsindwi lathu, mbali ya kuphiri. Akulu a mpingo adzayenda m'midzi kulandira zopereka za utoto, kuti tipake mvula ya Novembala isanadze; ndipo a mabanja aja tidzawayembekeza pa bwalo la akulu Loweruka.