Kufunsa Mtsinje wa Mulungushi

Mafumu athu, eni nthaka a Chilenje amene munatilandira kuno ku Kabwe, amayi ndi abambo: tiloleni tikambeko za madzi ng'oma zisanayambe.

Ambiri timaudziwa Mulungushi chifukwa cha damu limene linamangidwa mu 1925 kuti mgodi wa Broken Hill upeze magetsi, ndiponso thanthwe lija pamene a UNIP anasonkhana mu 1960. Ife Achewa tili nawo ubale wina. Mulungushi amathira mu Lunsemfwa, Lunsemfwa nathira mu Luangwa, motero madzi amene tawadetsa kuno timakawaolokanso pa mlatho popita ku Kulamba ku Mkaika.

Nanga tingadziwe bwanji ngati mtsinje uli moyo? Maso okha amanyenga, pakuti madzi a mbee si onse abwino. Akatswiri amafunsa tizilombo tokhala m'madzimo, ndipo ntchitoyi sifuna makina. Pitani pamene madzi akuthamanga pa miyala, mutenge beseni loyera ndi kasefa. Vundukulani mwala, muutsukire m'besenimo, mudikire madzi adekhe. Mukaona tizilombo taphanthiphanthi ta michira iwiri kapena itatu, ndi tina todzimangira tinyumba ta mchenga ndi timitengo, kondwerani, chifukwa timeneti sitipirira madzi osowa mpweya. Nkhanu ndi ana a tombolombo amapirirako pang'ono. Koma mukapeza timphutsi tofiira ngati magazi, misundu ndi nkhono zokhazokha, mwala uli woterera ndi ndere, dziwani kuti kumtunda kukulowa zonyansa za m'zimbudzi kapena feteleza wa m'madimba. Nkhono zina ndizo zimasunga likodzo, choncho ana asalowemo opanda jombo.

Kwezaninso maso kugombe. Pamene mikuyu ndi bango zinatha ndi nkhwangwa ndi khasu, dothi limagumukira m'madzi n'kukwirira miyala, tizilombo tija n'kusowa pokhala. Makolo athu sankadziwa mawu a sayansi, koma nkhalango za kumanda ndi kudambwe, zimene munthu wamba sankadulamo mtengo, zinkasunga chinyontho chaka chonse. Kuyesaku kuchitike kawiri, m'chilimwe ndi mvula itangotha, pa malo omwewo, ndipo zopezazo zilembedwe m'kope.

Pali mdani mmodzi amene beseni silingamuonetse. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'dothi la makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndi m'matope a ngalande yochokera kumgodi. Mtovu sununkha ndipo susintha mtundu wa madzi; kuwiritsa sikuuchotsa. Umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Madzi a chitsime cha kufupi ndi malo amenewa ayenera kukapimidwa ku labotale, ndipo ana osewera m'fumbi la kumeneko tiwatengere kuchipatala akapimidwe magazi.