Pamene Khonde Linasanduka Kalasi



Lero tifuna tikumbutsane za nthawi ija imene belu la sukulu linakhala chete m'dziko lonse la Malawi. Pa 23 Malichi 2020 boma linatseka sukulu zonse pofuna kupewa mliri wa Covid-19. Ana athu ananyamula mabuku awo nabwerera kwawo, ambiri akuyesa kuti ndi tchuthi cha masabata awiri kapena atatu. Komatu masabatawo anasanduka miyezi. A Sitandade 8 ndi a Folomu 4 anabwerera m'kalasi pa 7 Sepitembala, otsalawo anadikira kufikira mwezi wa Okutobala, ndipo mu Januwale 2021 zipata zinatsekedwanso kwa masabata angapo.

M'miyezi imeneyo Unduna wa Zamaphunziro unati ana aziphunzira ali kunyumba. A ku pulaimale anawakonzera maphunziro apawailesi ya MBC ndi mawailesi ena a m'madera, pamene a ku sekondale anawaikira maphunziro pa intaneti. Maganizowo anali abwino, ndipo aphunzitsi amene anagwira ntchitoyo ayenera kuyamikidwa. Tsono funso lathu ndi ili: kodi mawu a mphunzitsi atatuluka m'wailesi, anapeza chiyani m'nyumba zathu?

Kalembera wa chaka cha 2018 anasonyeza kuti mwa mabanja atatu alionse, limodzi lokha ndilo linali ndi wailesi, ndipo mwa mabanja khumi, amene ankaunikira magetsi anali pafupifupi limodzi. Motero ana ochuluka sanamve ngakhale phunziro limodzi. Koma ngakhale kumene wailesi inalipo, zinthu sizinali zapafupi. Ife amene tinkayendera midzi masiku amenewo tinaziona ndi maso athu. Wailesi ndi ya bambo, mabatire ndi okwera mtengo, choncho amasungidwira nkhani za madzulo. Ola la phunziro likakwana, mnyamata ali kumunda kukolola chimanga, mtsikana ali pamzere ku mjigo kapena wasenza thumba kunka kuchigayo. M'tauni namo, foni imene inali ndi maphunziro inkachoka m'mamawa m'thumba la mwini wake nibwera usiku moto utatha.

Ndipo mwana amene anapeza mpata womvera anakumana ndi vuto lina. Wailesi imalankhula koma siimva. M'kalasi, mwana akasokonezeka amakweza dzanja, kapena mphunzitsi amangoona nkhope yake nabwereza. Pakhonde palibe wobwereza. Mwana akaphonya sitepe imodzi ya masamu, mawu aja amapitirira ulendo wawo, iye natsala yekha ndi pensulo m'manja. Nanga mwana wosamva, amene wailesi ilibe naye ntchito? Nanga uja amene ankadalira phala la kusukulu kuti aone kuti kunja kwacha? Ana ambiri anatiuza kuti chimene anachisowa koposa si bolodi kapena choko, koma munthu wowafunsa ngati amvetsa, ndi anzawo okangana nawo pa yankho.

Amene anasenza mtolo wolemera kuposa onse ndi ana aakazi. Mtsikana akakhala pakhomo, aliyense amamuona ngati manja owonjezera: atunge madzi, aphike, abereke mwana, asamale wodwala. Kafukufuku amene boma linachita m'chaka cha 2020 anapeza kuti m'miyezi ya kutsekedwa kwa sukulu atsikana oposa 40,000 anatenga pathupi, ndipo maukwati a ana anakwana pafupifupi 13,000. Abale athu, zimenezi si nambala chabe. Ndi mipando imene inapezeka yopanda eni tsiku lotsegulira. Ndipo sitinganene kuti mliri ndiwo unapereka ana amenewa ku banja. Analipo akuluakulu amene anakambirana, analipo ankhoswe amene anavomera, analiponso ena a ife amene tinamva koma tinakhala chete.

A Folomu 4 a chaka chimenecho nawo analawa zowawa. Atawerenga okha miyezi yonseyo, anayamba mayeso a MSCE, koma mu Novembala 2020 mayesowo anaimitsidwa chifukwa mapepala anabedwa, ndipo anakalembanso mu Januwale 2021. Tiwapatse ulemu anyamata ndi atsikana amenewa, pakuti anapirira zimene akulu ambiri sakadapirira.

Kunena zoona, kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si chinthu chachilendo kuno kwathu. Mu 1965 boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inatchedwa Malawi College of Distance Education. Ife amene imvi zayamba kutuluka tikumbukira abale athu amene sanasankhidwe kupita ku sekondale, koma ankalandira maphunziro olembedwa kudzera ku positi ofesi, namvera maphunziro ena pawailesi. Mwa iwo munatuluka aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki. Koma taonani chimene chinachitika: poona kuti kuwerenga pawekha nkovuta, m'madera munakhazikitsidwa malo osonkhanira, pamene ophunzirawo ankakhala pamodzi ndi munthu wowayang'anira. Malo amenewo ndiwo anasanduka sukulu za sekondale zoyendera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Makolo athu anazindikira kale kuti pepala ndi wailesi zimabweretsa phunziro pakhomo, koma chimene chimalilowetsa m'mutu mwa mwana ndi munthu wokhala naye pafupi.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Nkwapafupi kuloza chala boma ndi umphawi, ndipo nzoona kuti magetsi, mabuku ndi intaneti yotsika mtengo ndi mangawa amene atsogoleri ali nawo kwa ana a dziko lino. Tipitirize kuwakumbutsa. Koma Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1965, unatiphunzitsa kuti aphunzitsi oyamba a mwana ndi makolo ake. Izi sizitanthauza kuti mayi adziwe Chingerezi kapena bambo akhoze masamu a ku sekondale. Zitanthauza kuti pali zinthu zimene kholo lokha ndilo lingapereke, ndipo ngakhale wosauka ali nazo.

Choyamba ndi nthawi. Pakhomo pakhale ola lodziwika la kuwerenga, limene mwana satumidwa, kaya ndi wamwamuna kaya ndi wamkazi. Ngati mtsikana atsuka mbale, mlongo wake atunge madzi, kuti onse awiri akhale pansi nthawi imodzi.

Chachiwiri ndi kuunika. Tochi imodzi kapena kanyali koyendera dzuwa kamene kali m'nyumba, pa ola limenelo kakhale pa buku. Bambo amene apeza ndalama ya chibuku sangalephere kupeza ya mabatire.

Chachitatu ndi khutu. Tinaona agogo ena osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo, amene madzulo alionse ankaitana mdzukulu wawo nati: "Bwera kuno, undiuze zimene anena aphunzitsi a m'wailesi lero." Mwana uja pofotokoza ankazindikira yekha pamene wamvetsa ndi pamene sanamvetse. Agogo amenewo anali mphunzitsi weniweni, ngakhale sanagwirepo choko.

Kwa inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, mutu umodzi susenza denga. M'mudzi mwanu muli nyumba ina imene ili ndi wailesi, muli mphunzitsi wopuma pantchito, muli wachinyamata amene anamaliza Folomu 4 ndipo akungokhala. Asonkhanitseni pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi ana a mudzi wonse, osasankha mpingo. Ndipo ngati mukudziwa mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha pathupi, dziwani kuti ndondomeko ya boma imamulola kubwerera akachira. Pitani mukalankhule ndi makolo ake, mupeze womugwirira khanda. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tisaganize kuti izi ndi zakale. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu za m'maboma ambiri a m'chigawo cha kummwera, zina mpaka zinasanduka misasa ya othawa madzi. Belu likhoza kukhalanso chete. Ndiponso ngakhale likulira, tsiku lililonse dzuwa likapendeka mwana amabwerera pakhomo ndi kope m'manja, ndipo khonde lathu limasandukanso kalasi.

Tsono usiku uno, mukatseka wailesiyi, itanani mwana wanu. Mufunseni zimene waphunzira lero, ndipo mudekhe kufikira atamaliza kuyankha.

Ambuye adalitse mabanja anu, aphunzitsi athu ndi ana onse a m'dziko lino. Mugone bwino.