Mgonero wa mu Mdima pa Tsiku Lobadwa Mwana



M'chaka cha 1999, mu mzinda wa Zurich ku Switzerland, mbusa wosaona Jürg Spielmann ndi anzake atatu adatsegula nyumba yodyeramo yotchedwa Blindekuh. M'menemo alendo amadya mu mdima wandiweyani, ndipo owatsogolera ku mpando ndi kuwaperekera chakudya ndi anthu osaona. Wopenya amayamba kudalira mnzake amene kunja akadamunyoza.

Ife kuno mdima sitigula: koloboyi akatha parafini timadyera momwemo. Koma kodi mdimawo watiphunzitsa chiyani?

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana likafika, makolo, tiyese izi. Tiike patali mphika wamoto, tizimitse nyali kanthawi, ana afufuze ntanda ya nsima ndi ndiwo ndi dzanja lokha. Kenaka tiwafunse mmene amvera. Pamenepo tiwauze kuti m'midzi mwathu alipo ana anzao amene amadya chotero tsiku lililonse, ndipo ena timawabisa m'nyumba pochita manyazi. Akulu adati: lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza.

Tikayatsanso nyali, tikumbutse mwanayo kandulo ya ubatizo wake. Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, kuyambira ku Nambuma mpaka ku Mpherere, funani ana osaona, muthandize makolo ao kuwatumiza ku sukulu monga ya Chilanga ku Kasungu kapena ya Malingunde ku Lilongwe, akaphunzire kuwerenga ndi zala. Naonso tsiku lao lobadwa likondwereredwe.

Ambuye akudalitseni.